Glaucoma ndi magazi opita m'maso: zimene ndaphunzira posamalira bambo anga

Bambo anga ndi telala, makina awo a Singer akhala pakhonde la sitolo ina pa boma pano pa Mangochi kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo mpaka lero ulusi amaulowetsa okha pa singano, sapempha munthu. Nde tsiku lomwe wa kabaza anawakhula phewa akuwoloka msewu chakumlatho kuja, iwo n'kumalimbikira kuti "sindinamuone, anangotulukira ngati wagwa kumwamba", tonse tinaseka, tinkati madala akukalamba basi. Kenako anayamba kugunda felemu ya chitseko, kugubuduza kapu ya tiyi imene ili pambali pawo pomwepo, mdzukulu wakhala cha kumanzere kwawo iwo n'kumafunsa kuti mwana uja ali kuti. Titapita nawo kwa a maso anati ndi glaucoma, ndipo diso lamanzere mbali yaikulu inali itapita kale. Munthu woti amaona kabowo ka singano!

Matendawa ndi otero, amadya za m'mbali kaye, pakati n'kusiya, ndipo kawirikawiri sapweteka n'komwe. Kuyambira pamenepo ndine ndimayenda nawo ku chipatala, ndine ndimawadontheza mankhwala, nde ndati ndilembe zimene ndatolapo makamaka nkhani ya magazi, chifukwa ambiri akamva glaucoma amangodziwa za presha ya m'diso, pomwe nkhondo yake ili pawiri.

Zimene zikuchitika m'katimo

M'diso mumapangidwa timadzi nthawi zonse, si misozi ayi, ndi tam'kati, ndipo timatulukira pa kasefa kakang'ono kamene kali m'mphepete mwa gawo lakuda lija. Kasefako kakayamba kutsekeka timadzi timachuluka, diso limalimba ngati mpira woti mwaupopa mopitiriza. Presha yabwino imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg (umenewu ndi muyezo wa presha). Bambo tsiku loyamba anawapeza ndi 32 kumanzere, 28 kumanja. Kumbuyo kwa diso kuli mnyewa umene umatenga zonse zimene mukuona kupita nazo ku ubongo, uli ngati kebulo ya timawaya toposa miliyoni imodzi, ndipo kawaya kakafa kafa, sikameranso. Apa ndi pomwe glaucoma yasiyana ndi ng'ala. Ng'ala amachotsa munthu n'kuonanso mawa lake, glaucoma zimene yatenga yatenga, ntchito yonse ndi yoteteza zotsala.

Tsono mnyewa umenewu umadya magazi, ndipo magazi ake amabwera kudzera mu timitsempha ting'onoting'ono kwambiri. Mtsempha waukulu wa m'khosi umatulutsa nthambi yopita ku diso, madokotala amaitcha ophthalmic artery, ndipo iyo imagawikanso, kamodzi kamalowa pakati penipeni pa mnyewa kukadyetsa m'kati mwa diso, tina tifupitifupi timazungulira mutu wa mnyewa pamalo pomwe glaucoma imawonongapo.

Amene munathirirapo dimba ndi pampu m'mbali mwa Shire mumva msanga. Madzi kuti asafike pa bedi lakumapeto pali njira zitatu. Pampu ikafooka safika. Wina akaponda paipi safika. Paipi ikadzadza matope m'kati n'kuchepa njira, safikanso ngakhale pampu ikulira bwinobwino. M'diso pampu ndi BP yanu, woponda paipi ndi presha ya m'diso, ndipo kuchepa kwa njira ndi pamene timitsempha tauma kapena tafinyika moti magazi akuvutika kudutsa. Chachitatuchi chimapweteka kuposa mmene munthu angaganizire, chifukwa kabowo ka paipi kakachepa ndi theka m'lifupi mwake kuvuta kwa madzi kudutsa sikuwirikiza kawiri ayi, kumawirikiza ka 16. Nde kamtsempha koti n'kochepa kale ngati tsitsi kakangofinyika pang'ono, mnyewa wayamba kugona ndi njala.

Pali sikani ina imene amayezera zimenezi, ndi mtundu womwe uja wa sikani ya amayi oyembekezera koma yoona kuthamanga kwa magazi, amaitcha colour Doppler, amaika kachipangizo pachikope diso lili chotseka. Imaona liwiro la magazi pamene mtima wapopa ndi liwiro lake pamene mtima wapumira. Akatero amachotsera laling'ono pa lalikulu n'kugawa ndi lalikulu, yankho lake ndi resistive index, ena amangolemba RI, imakhala pakati pa 0 ndi 1. Mwachitsanzo mtima ukapopa liwiro ndi 10, ukapumira ndi 3, RI ndi 0.7. Koma ngati mtima ukapumira magazi akutsala pang'ono kuimiratu, tinene 1, RI yafika 0.9, kutanthauza kuti kutsogoloko njira yathina. Ofufuza akhala akupeza kuti mwa anthu a glaucoma nambala imeneyi imakonda kukhala yokwera ndipo liwiro la magazi limakhala lotsika poyerekeza ndi anthu a maso abwino. Musagulitse mbuzi kuti mukasake sikani imeneyi, imagwira ntchito kwambiri pa kafukufuku, dokotala wa maso safuna iyo kuti akupezeni ndi glaucoma kapena kukuthandizani. Ndaitchula kuti mukaona RI pa intaneti musazunguzike, komanso kuti mumvetse chifukwa chake pali anthu ena presha yawo ya m'diso siinadutsepo 21 koma mnyewa ukufabe.

Yambani ndi kuyezetsa, ndipo dziwani chofunsa

Ife anthu akuda matendawa amatikonda, amabwera msanga komanso amathamanga. Kafukufuku wa ku Baltimore ku America anapeza kuti mwa anthu akuda amapezeka kanayi kapena kasanu kuposa mwa azungu. Nde ngati mwakwana zaka 40 pitani, musadikire kuti muyambe kugunda zitseko. Ngati bambo, mayi, mchimwene kapena mchemwali wanu ali nayo, kapena kwanu kuli agogo amene anachita khungu pang'onopang'ono diso lili loyera bwinobwino anthu n'kumati anawalodza, pitani musanafike n'komwe 40, ndipo muzibwererako chaka chilichonse kapena monga akuuzireni.

Mukafika musakhutire ndi kuwerenga zilembo za pakhoma zija basi. Bambo anga akanawerenga mpaka mzere wapansi ndi diso lamanja. Nenani mosabisa kuti "ndabwera kudzayezetsa glaucoma", apime presha ya m'diso, ayang'ane mnyewa kumbuyo ndi katochi kawo kaja, ndipo ngati aona zokayikitsa pali mayeso ena oona mmene mukuonera m'mbali, mumaika chibwano pa makina n'kumadina batani mukaona kakuwala. Poyambira ndi kwa a maso pa chipatala cha boma cha Mangochi, iwo ndi amene amakutumizani patsogolo ngati pakufunika, ku Zomba Central kapena ku Lions Sight First ku Queen Elizabeth ku Blantyre. A ku Makanjira, Namwera kaya Monkey Bay ndikudziwa thiransipoti yake si yamasewera, koma khungu ndi lodula kuposa minibasi.

Lembani manambala awiri, osati imodzi

Ichi ndi chimene ndikufuna mutenge kwambiri. M'buku la kuchipatala lija, tsiku lililonse loyeza maso pempheni kuti akupimeninso BP, manambala onse akhale pa peji imodzi. Ndiye chitani samu yosavuta iyi, tengani nambala yapansi ya BP muchotsepo presha ya m'diso. Ngati BP ndi 120/80, diso lili pa 15, yotsala ndi 65, imeneyo ndi mphamvu imene yatsala yokankhira magazi kulowa m'diso pamene mtima wapumira. Koma wina yapansi ili pa 60, diso lili pa 30, watsala ndi 30 yokha. Ku Baltimore komweko anapeza kuti amene yotsalayi inali pansi pa 30 anali pa chiopsezo cha glaucoma kasanu ndi kamodzi kuposa amene anali pa 50 kupita m'mwamba, ndipo ku Barbados, komwe anthu ake ambiri ndi akuda ngati ife, anapezanso kuti yotsalayi ikakhala yochepa matendawa amabwera mosavuta. Samuyi si yoti mudzipatse nayo mankhwala nokha, ndi yoti mukhale ndi funso lanzeru pamaso pa dokotala.

Ife tinaphunzira movutikira. Bambo ali ndi BP yokwera, amalandira mapilitsi ku kiliniki ina, mankhwala a maso kwina, ndipo mbali ziwirizi sizinkadziwana. Atayamba madontho presha ya m'diso inatsika mpaka 17, tonse kusangalala, koma pa mayeso a m'mbali aja zinaoneka kuti zikupitabe. Adokotala a maso anawayang'ana kanthawi n'kufunsa kuti "bambo, mankhwala a BP mumamwa nthawi yanji?" Iwo akuti "ndimamwa onse pogona, masana amandipatsa chizungulire pamakina." Ine kudabwa, chifukwa anawauza kuti azimwa m'mawa, anangosintha okha osauza munthu. Ndinati "koma bambo, bwanji simunanene?" Yankho lake, "iwe, ukanandisokera ndiwe mayunifolomu a anthu?"

Nkhani yake ndi yoti BP ya munthu aliyense imatsika yokha usiku akagona, ndipo presha ya m'diso imakonda kukwerako pang'ono munthu akagona chogona. Nde mukathira mapilitsi onse pogona, mwa anthu ena BP imatsikiratu kwambiri pakati pa usiku, pampu yafooka pa nthawi yomwe paipi yapondedwa, mnyewa n'kumavutika inu muli m'tulo. Adokotala analemba kakalata m'buku kopita kwa a BP, kumeneko anakonzanso mlingo ndi nthawi yake, chizungulire chinachepa.

Koma mundimve bwino abale anga, sindikuti siyani mankhwala a BP. BP yokwera ikakhalitsa ndi imene imaumitsa timitsempha tomwe tija, komanso sitiroko siyichenjeza. Sindikutinso aliyense womwa usiku asinthe, ena dokotala anawauza dala kuti azimwa usiku pa zifukwa zake. Chimene ndikunena ndi choti wa maso adziwe mankhwala a BP amene mukumwa ndi nthawi yake, wa BP adziwe kuti muli ndi glaucoma, ndipo ngati mukumva chizungulire podzuka pabedi kapena poimirira, nenani. Tengani mabotolo ndi mapaketi onse mu jumbo tsiku la kiliniki, osamangoti "kapilitsi koyera kakang'ono kaja".

Kudontheza kwake

Pa zitatu zija, chimene madokotala amatha kuchigwira mwamphamvu ndi kuchotsa phazi pa paipi, kutsitsa presha ya m'diso, ndipo zimathandiza ngakhale kwa amene presha yawo siinali yokwera kwambiri. Mankhwala amene ambiri amapatsidwa ndi timolol, kawiri patsiku, kapena latanoprost, kamodzi madzulo. Si mankhwala oti botolo likatha mwachira ayi, ndi a moyo wonse ngati a BP, ndipo simumva kusintha kulikonse mukadontheza, ichi ndi chimene chimagwetsa anthu ulesi.

Sambani m'manja ndi sopo. Wodwalayo akhale pampando apendeketse mutu chagada, kapena agone. Kokerani chikope chapansi pang'ono kuti pakhale kathumba, dontho limodzi basi mu kathumbako, kamwa la botolo lisakhudze diso kapena nsidze. Madontho atatu sachiza katatu, diso limangosunga limodzi, enawo amatsikira patsaya botolo n'kutha mwezi usanathe. Akatero atseke diso mofatsa, osaphethiraphethira, ndipo ndi chala akanikize pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri. Bambo ankakana zimenezi, amati ndi zachibwana, mpaka ndinawafotokozera kuti pakonapo pali kanjira kotsikira m'mphuno, n'chifukwa chake munthu ukalira mamina amatuluka, ndipo mankhwala akadutsa pamenepo amalowa m'magazi. Timolol ndi wa gulu limodzi ndi mankhwala ena a mtima, akalowa m'thupi amatha kuchedwetsa kugunda kwa mtima ndi kutsitsa BP, chomwe tikuchithawa chija. Amene muli ndi mphumu kapena mtima wogunda mochedwa nenani asanakupatseni timolol, amatha kukubanikitsani zenizeni. Ngati mabotolo ndi awiri dikirani mphindi 5 pakati pake. Ikani alamu pa foni, ife yathu imalira 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo.

Kutentha kwa kuno mukukudziwa, Okutobala ukafika malata amachita kulira. Botolo lisakhale m'thumba la malaya, pawindo kapena m'kabati ya makina osokera padzuwa. Latanoprost wosatsegula amafuna filiji, osati mbali yopanga ayisi, ndipo akatsegulidwa amafuna malo ozizirira. Opanda filiji pemphani kwa aneba, kapena mangani bwino mu pulasitiki muike pamthunzi pafupi ndi mtsuko wa madzi. Lembani deti pa botolo tsiku lotsegula, ambiri amati pakatha milungu 4 mutenge lina. Ndipo pitani kokatenga lina likadalipo lakale, chifukwa pena mumapeza atha n'kufunika kukagula ku famase.

Abale athu achisilamu, mwezi wa Ramadani ambiri amasiya madontho poopa kuti amasula. Mwezi wathunthu presha ili pamwamba mutha kutaya timawaya tambiri. Mankhwala a kawiri patsiku amatheka bwinobwino nthawi ya daku ndi pofutulu, a kamodzi madzulo ndiye alibe vuto n'komwe, ndipo kukanikiza pakona kuja kumathandizanso kuti kuwawa kwake kusafike kukhosi. Kambiranani ndi ashehe komanso adokotala mwezi usanayambe. Pofutulu musagubudize lita yonse ya madzi kamodzi, madzi ambiri omwa mothamanga amakweza presha ya m'diso kwa kanthawi, imwani pang'onopang'ono. Izi ndi za tonse, ngakhale amene mwangochokera kumunda kapena kunyanja.

Zimene zimathinitsa njira

Fodya amafinya ndi kuumitsa mitsempha ya magazi thupi lonse, ya m'maso siyipatulidwa. Shuga wosasamalidwa chimodzimodzi. Mchere chepetsani, ndikudziwa kuti usipa wouma wothira mchere wambiri ndi nsima yotentha palibe chofanana nazo, koma BP imakwera nawo. Kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga kumathandiza mitsempha komanso kumatsitsako presha ya m'diso pang'ono.

Za chamba, anyamata ena anabwera pakhonde kudzawauza bambo kuti ku America amachiza nacho glaucoma. Zoona zake n'zakuti chimatsitsa presha ya m'diso kwa maola atatu kapena anayi okha, kutanthauza kuti mungafunike kusuta usana ndi usiku osagona, ndipo chimatsitsanso BP, nde mwachotsa phazi pa paipi uku mukuzimitsa pampu. Madokotala a maso sachivomereza. Bambo anawathamangitsa ndi lula.

Choopsa china chimene anthu sachidziwa ndi timabotolo ta maso ofiira ndi oyabwa timene timagulidwa mwachisawawa. Werengani pa botolo, mukaona dexamethasone, betamethasone kapena prednisolone, amenewo ndi masteroid, amaziziritsa diso msanga mpaka munthu kuwakonda, koma mwa anthu ena akawagwiritsa ntchito milungu ingapo presha imakwera mwakachetechete, ngakhale mwa ana. Asalowe m'diso popanda wa maso kulemba. Zofinyira masamba, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kaya mkodzo m'diso ndiye ayi ndithu, mnyewa uli kumbuyo sizikafikako, zimangosiya zilonda kutsogolo.

Pali zina zoti mumuuze dokotala ngakhale zikuoneka ngati sizikukhudza maso. Mutu waching'alang'ala wobwerabwera, manja ndi mapazi ozizira nthawi zonse ngakhale kuno kotentha, BP yotsika mwachibadwa, kapena munatayapo magazi ambiri monga pobereka kaya pangozi. Komanso mkonono uja woti munthu amachita kusiya kupuma kenako n'kudzidzimuka, funsani amene mumagona naye chipinda chimodzi, chifukwa nthawi imene mpweya waima mnyewa nawo ukusowa mpweya. Zonsezi zimamupatsa dokotala chithunzi choti mwina kwa inu vuto lalikulu lili ku magazi, ndiye presha ya m'diso ayenera kuitsitsa kwambiri kuposa ya munthu wina.

Akakuuzani za opaleshoni musathawe

Madontho akakanika, kapena ngati mumakhala kutali moti kupeza botolo mwezi ndi mwezi n'kosatheka, amatha kunena za opaleshoni yotchedwa trabeculectomy, amatsegula kanjira katsopano koti timadzi tizitulukira, kwina kuli ya laser. Anthu amaithawa chifukwa amamva kuti "uje anapangidwa koma sakuonabe". Eya sangaonenso zimene zinapita, opaleshoniyi ndi yosunga zotsala, ndipo ambiri amavomera mochedwa potsala pang'ono. Funsani kuti presha imene akufuna kufikapo ndi iti, muilembe, ndipo masiku obwerera mukachitidwa musaphonye ngakhale limodzi.

Mtundu wina wa glaucoma sudikira. Diso kufiira mwadzidzidzi, kuwawa koopsa mpaka mutu, kusanza, kuona ngati utawaleza kuzungulira babu, diso kulimba ngati mwala. Zikatero si malungo, musamwe panado n'kugona, pitani ku chipatala tsiku lomwelo ngakhale ndi usiku, chifukwa maso amatha kupita m'masiku ochepa.

Kunyumba tinasuntha zinthu pang'ono, kapu ya tiyi timaika kutsogolo kwawo osati pambali, mpando wa makasitomala tinaupititsa kumanja, ndipo powoloka msewu ndinawaphunzitsa kutembenuza mutu wonse ngati nkhuku osati kungodalira ngodya ya diso. Ana awo tilipo asanu, anayi tinakayezetsa, mchemwali wanga wamkulu anamupeza ndi 24 diso limodzi ndipo akumuyang'anira. Watsala mchimwene wathu ali ku Johannesburg, ndamutumizira uthenga pa WhatsApp katatu, amangoyankha kachala kam'mwamba.